Pepala Lomwe Bambo Sanasaine

Kalekale, ngakhale si kale kwenikweni, m'tauni ina munali funso lomwe linasowa woliyankha: zimatheka bwanji kuti mtsikana wosiya anzake onse pa mpikisano wothamanga Loweruka, pofika Lachiwiri n'kumakwawa popita kuchimbudzi?

Mtsikanayo anali Zelipa, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Womuphunzitsa kuthamanga anali bambo ake omubereka, a Chimbalanga. Akakhala kumwezi, m'mimba mwake munkapota ngati wina akumukoka ndi waya. Ankasanza, nthawi zina n'kukomoka. Mayi ake, a Nagama, ankatseka chitseko n'kuuza amuna awo kuti mwana wadwala malungo.

"Malungo mwezi ndi mwezi? Ulesi umenewo. Mumuuze ndikumudikira kubwalo."

Mayi ake aang'ono, a Felesiya, anali namwino m'dziko loyandikana ndi lawo. Iwo ndiwo anamutengera kwa dokotala wa kumeneko, amene anapeza dzina la matendawo: endometiriyosisi. Anati timinofu tonga ta m'kati mwa chiberekero tamera kunja kwake, ndipo timatupa mwezi uliwonse. Mapiritsi opha ululu anali atamupweteka kale m'mimba mpaka kusanza magazi, choncho dokotalayo anamulembera mafuta ochokera ku chamba, odonthetsera pansi pa lilime.

"Sachiza, amangoziziritsa ululu, ndipo ena sawathandiza n'komwe," anatero. Kenako anamupatsa pepala. "Othamanga amakuyezani mkodzo, ndipo chamba n'choletsedwa. Ili asaine wokuphunzitsa, lipite ku bungwe la masewera kuti akulole kugwiritsa ntchito mafutawa. Usapikisane lisanavomerezedwe."

Kumeneko mafutawo anali mankhwala ololedwa, koma kuwalowetsa kwawo kwa Zelipa kunkafuna chilolezo chomwe chinkachedwa kutuluka. A Felesiya sanadikire. Ankawathira m'kabotolo ka mafuta odzola n'kuwoloka nawo malire.

A Nagama anawerenga pepala lija. Munalembedwa zonse: masiku, magazi, malo opweteka.

"Izi awerenge bambo ako? Iwe, kuchinamwali anakulangiza chiyani? Bweretsa kuno, ndiwasainitsa ndekha mwanzeru."

Analibisa pansi pa zitenje m'sutikesi. Patapita milungu, Zelipa atafunsa, anamuyankha kuti, "Zinatheka, mwanawe. Thamanga." Iye anakhulupirira.

A Chimbalanga anangoona kuti mwana wasiya kujomba. Tsiku lina akufuna bandeji m'chikwama chake, anapeza kabotolo kaja. Anakatsegula, ananunkhiza, ndipo fungolo analizindikira. Mpikisano wa dziko lonse unali utayandikira, ndipo ankaopa yankho lomwe angamve akafunsa. Anakabwezera, n'kukalembetsa dzina la mwana wawo.

Zelipa anapambana. Atamuyeza mkodzo anapezamo chamba, ndipo kunabwera kalata yomulanda mendulo ndi kumuletsa kupikisana. Nkhani inafala. Kukwaya anamuuza kuti ayambe wapuma. Pa msika mavenda ankamukuwiza: "Sisi, tigawireniko chamba cha liwiro chija!" Anasiya mafuta aja, ndipo ululu unabwerera wonse.

Bungwe linamulola kukadandaula kamodzi kokha, pamaso pa amuna asanu, ndi mboni imodzi yokha. Likakana, amuletsa zaka zoti pobwerera miyendo idzakhala itatha. M'mene tsikulo linkayandikira, chinsinsi cha aliyense chinali chitaululika pakhomopo, ndipo onse atatu analowa m'chipinda momwe Zelipa anagona atadzipinda, botolo la madzi otentha lili pamimba.

A Felesiya anayamba. "Ndipite ine. Makalata a dokotala ndili nawo, ndipo matendawa ndikhoza kuwafotokoza. Koma akandifunsa mmene mafuta analowera m'dziko muno, sindinama. Ntchito ithera pomwepo, mwinanso andimanga. Ana anga awiri mudzawasunga inu." Za komwe pepala linasowera, iwo sakanatha kuchitira umboni.

A Nagama anatulutsa pepala lija, likununkhira sopo wa m'sutikesi. "Ndinabisa ndine, ndipite ndine. Ngakhale anzanga andinene kuti ndavula mwana pagulu, ndikanena." Koma mawu ankawathawa ngakhale m'chipinda momwemo. Sanayankhulepo pamaso pa akuluakulu a mu ofesi, ndipo dzina la matendalo silinkatuluka pakamwa pawo. Komanso ndani sadziwa kuti mayi amatha kunama pofuna kupulumutsa mwana?

A Chimbalanga anayankhula atayang'ana kukhoma. "Anthu amenewo amandidziwa zaka zambiri. Ndikanena ine, amva. Koma ndiyenera kuvomera kuti kabotolo ndinakaona, n'kukhala chete. Andichotsa mpaka kalekale, ndipo achinyamata khumi ndi anayi amene ndimawaphunzitsa asowa kolowera." Kenako anatembenukira kwa Zelipa. "Komanso sindingakanene chomwe sindikuchidziwa. Zelipa, uyenera kundiuza wekha, ndi pakamwa pako, chimene chimakuchitikira."

"Abambo ake!" anakuwa a Nagama.

Ululu unali utamugwiranso Zelipa, ndipo analuma pilo kuti bambo ake asamve kubuula.

Nkhani yanga yathera pamenepa, chifukwa ineyo yankho ndilibe. Wina anamupezera mankhwala koma anawalowetsa mozemba. Wina anateteza ulemu wake pomunamiza. Winayo anamupatsa liwiro, n'kutseka maso. Onse amamukonda, koma mpando wa mboni ndi umodzi, ndipo wokhalapo atulukamo atataya kanthu kosabwerera.

Inu amene mukulera ana aakazi, chonde musangopukusa mutu n'kunyamuka. Khalani pansi mukambirane, mundiuze: Zelipa atenge ndani?