Ndaziona ndi Dontho la M'diso

Tambala Chimwaza ndi mkazi wake, thadzi Nasimango, ankakangana pa nkhani imodzi yokha: zoyenera kuuza ana. Chimwaza anali wa pakamwa, nkhani ikalowa m'khutu inkatulukira kukamwa isanazizire. Nasimango anali wobisa, moti ngakhale kabawi adutse pamwamba, iye ankati ndi mtambo chabe. Mwa anapiye awo, woyamba kuswa anali kamsoti kotchera khutu, dzina lake Ndaziona.

M'nyengo yotentha, chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku za pakhomo loyandikana nalo zinayamba kuwodzera masanasana, mapiko ali lende. Mayi wa pakhomo, mwini khola, anatsekera nkhuku zake kumpanda kuti zisamayendeyende.

Chimwaza ndiye anapeza ntchito. M'mawa uliwonse ankakwera pankhokwe n'kukuwa, "Kokoliliko! Kuseriku zafanso zina! Tatha ife! Chaka chino sipatsala ndi nthenga yomwe!"

"Musawamvere atate anuwo," ankatero Nasimango uku akupalasa. "Kulibe matenda kuno."

"Nanga mnzanga Tiyese wa kuseriku ali kuti?" anafunsa Ndaziona.

"Anapita kukacheza kwa azakhali ake."

"Nanga amayi ake?"

"Anamuperekeza."

"Atate akenso?"

"Iwe, idya! Za akulu si za ana."

Komatu mwana si chitsiru. Ndaziona anaona kuti amayi ake akamati kulibe matenda, maso amakhala ali kuseri kwa mpanda. Anasiya kudya, poopa kuti mwina chitopacho chili m'madeya. Mng'ono wake akayetsemula ndi fumbi, iye ankathawira pakona, ndipo posakhalitsa anapiye onse anasiya kusewera.

Tsiku lina kunabwera mayi wa katemera, atanyamula kabotolo kokulunga m'nsalu yonyowa kuti mankhwala asatenthedwe. Mwini khola anamwaza chimanga n'kuyamba kugwira nkhuku imodziimodzi. Tsono pali chinthu chimene nkhuku iliyonse imachidziwa isanamere ndi mchira womwe. Pakhomo pakafika mlendo, chimanga n'kumwazidwa, wina n'kugwidwa miyendo, ameneyo sabweranso.

"Mayo ine, alendo!" anakuwa Chimwaza. "Amene wasiyidwa ndi chitopa, mpeni umutenga!"

Ndaziona sanadikire. Anathamanga n'kulowa m'kamphako ka pakati pa njerwa zosanjidwa, momwe dzanja la munthu silikanafika. Mwini khola anayesa kumukopa ndi chimanga, koma ayi ndithu. Mayi wa katemera anayang'ana dzuwa n'kunena kuti makomo omudikira ndi ambiri, ndipo kabotolo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Akamaliza nkhuku zimene zilipo, iye azipita.

Nasimango ankadziwa bwino kuti dontho la mankhwala a m'kabotolomo ndilo linamupulumutsa chaka chatha. Anathamangira kunjerwa kuja.

"Tuluka, mwanangu, palibe choopsa."

"Munateronso za matenda, amayi," anayankha Ndaziona ali m'kati. "Tiyese alibe azakhali. Anandiuza yekha."

Nasimango anagwidwa manyazi. Kenaka anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kulowetsa mutu m'kamphako. "Chabwino. Tandiuza zonse zimene wamva, ndi zimene ukuopa."

Eee, zinatuluka! Zoti chitopa chili m'madeya, zoti woyetsemula aliyense wapita, zoti amayi akadwala anapiye adzagona pansi pa mapiko a ndani. Nasimango sanamudule pakamwa ngakhale kamodzi.

"Tamvera tsono," anatero mwanayo atatha. "Matenda alipodi, ndipo Tiyese anamwalira. Ndinakunamiza, pepa. Inenso mantha ndili nawo. Koma madeya athu ndi abwino, kuyetsemula kwa fumbi si chitopa, ndipo mumpanda muno tatsekeredwa kuti tisakakumane ndi odwala. Mayi uyu alibe mpeni. Amadonthetsa mankhwala m'diso, dontho limodzi basi, kuti matenda akabwera atipeze olimba."

"Zimapweteka?"

"Zimazizira, ndipo umaphethira pang'ono. Usakhulupirire pakamwa panga, ona ndi maso ako."

Nasimango anayenda yekha mpaka pamapazi a mwini khola. Anamugwira miyendo, dontho linagwa, anamuika pansi. Iye anadzikung'untha n'kuyamba kutola chimanga ngati palibe chachitika. Kamutu ka Ndaziona kanasuzumira panja, koma thupi linatsala m'kati.

"Bambo a Ndaziona," anaitana Nasimango, "bwerani ana aone mmene mwamuna amachitira."

Abale, tambala wa lipombo lonse lija anazungulira nkhokwe akukuwa ngati akumusosola wamoyo! Mwini khola anachita kumuvindikira ndi dengu. Atamunyamula, Chimwaza anayamba kutsanzika. "Tsalani bwino, ananga! Muziwamvera amayi anu! Nkhokwe yanga musapatse bakha!"

Dontho linagwa. Chimwaza anaphethira, n'kuphethiranso.

"Basi?" anafunsa.

Anapiye anagwa nacho chiseko. Anaseka mpaka kugubuduka m'fumbi, ndipo pakati pawo panali Ndaziona, amene anatuluka osadziwa n'komwe kuti watuluka. Apo n'kuti mayi wa katemera akutseka kale kabotolo. Ndaziona anayang'ana amayi ake.

"Mukhala pafupi?"

"Pompano, mpaka akuike pansi."

Kamsoti kaja kanapita kokha kukaima pamapazi a mayi wa katemera uja. Iye anaseka, anatsegulanso kabotolo, ndipo dontho linagwa. Ndaziona atatsika anathamangira kumadeya, n'kudya mpaka chithokomiro chinachita kuonekera patali.

Chitopa chinadutsa, ndipo m'khola lija simunafe nkhuku. Chimwaza anapitiriza kukwera pankhokwe, koma ankangolengeza kuti kwacha, maliro anawasiya. Ana akamuseka za tsiku lija, ankati ankachitira dala kuti iwo asangalale. Nasimango naye anasintha, mwana akafunsa ankasiya kupalasa n'kukhala pansi.

Tsiku limene mpanda unatsegulidwa, mthunzi unadutsa pabwalo. Ndaziona anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana amayi ake.

"Ndi mtambo, amayi?"

"Ndi kabawi, mwanangu," anatero Nasimango akutambasula mapiko. "Lowani muno nonse."

Ndipo onse analowa, popanda wolira.

Phunziro: Pa nthawi ya mliri, mwana usamuopseze ndipo usamunamize. Mumvetsere, muuze zoona zimene angazinyamule pamodzi ndi chochita, ndipo ukhale naye pafupi. Mwana amene wauzidwa zoona amathawira kwa makolo ake, wonamizidwa amathawira kumphako.