Telala Amene Anachapa Madzi

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo m'katauni ka m'mbali mwa njanji. Anali munthu waukhondo. Malaya ake ankawasita ndi simbi yamakala mpaka mzere wa pamkono kuthwa ngati mpeni. Mlendo akafika pakhomo pake, kapu yomwera madzi ankaitsuka kawiri, mlendoyo akuona.

Mkazi wake, Nangondo, anadzitema ndi khasu pamwendo akulima kudimba, kumunsi kwa ngalande ya pamsika. Bala lake linali laling'ono. Telala anagula makapisozi, ena n'kumumwetsa, ena n'kung'amba ndi kuthira ufa wake pabalapo, monga tinkachitira tonse masiku amenewo. Ululu ukachepa ankaleka. Ukabwerera ankayambiranso. Miyezi inapita bala likungokula, mpaka Nangondo anakagonekedwa m'chipatala chachikulu, kutali ndi kwawo.

Kumeneko anayesa jakisoni uyu, anayesa uyo, koma ayi ndithu. Tsiku lina dokotala wamkazi anaitanira telala pambali.

"Bambo, tizilombo ta m'bala ili tazolowera mankhwala onse amene tili nawo. Komatu palibe chilombo chopanda mdani. Kuli tina, tating'ono kuposa timeneti, timene timalowa m'kati mwa tinzaketo n'kutiphulitsa, munthu osamukhudza. Kungoti kalikonse kali ndi mtundu wake umene kamadya, ndiye tiyenera kusaka. Timakhala m'madzi oipa, momwe muli chakudya chake. Mukanditungire madzi a m'ngalande ya kudimba kuja mayi anavulalira. Mubwere nawo momwe alili."

Telala anakwera basi kubwerera kwawo. Anatsikira kungalande, natunga botolo lodzaza. Atalikweza padzuwa, nkhope inagwa. Madzi akuda bii, fungo lake loboola mphuno, zinyalala zikuyandama pamwamba. Anakumbukira chovala choyera cha dokotala uja.

"Munthu wolemekezeka ngati uja ndikamupatse zimenezi m'manja? Akati kwathu timakhala ngati nkhumba."

Ndiye anachita chimene iye ankachiyesa ulemu. Anasefa madziwo pansalu yatsopano, nawawiritsa. Atazizira anadonthezamo kolorini, n'kuwathira m'botolo lotsuka bwino.

Dokotala anayang'ana botolo, nayang'ana telala.

"Ngalande yakwanu njoyera chonchi, bambo?"

"Kwathu timadzisamala, adokotala."

Mumtima anadzitonthoza kuti sananame, poti madziwo anali a m'ngalande ndithu. Sankadziwa kuti moto ndi kolorini zinali zitapha chinthu chomwe anamutumira.

Dokotala anasaka m'madzimo masabata awiri, osapeza kanthu. Anasakanso m'madzi a kwina, koma kolimbana ndi bala lija sikanaoneke. Telala, amene tsopano ankagona pafupi ndi chipatala, ankabwera tsiku ndi tsiku ndi phala, malaya ali osita, akubisabe zimene anachita ndi madzi aja. Nangondo, ngakhale anali atatha thupi, ankamuseka.

"Abambo, nkhope mwaikwinyiranji? Ndi fungoli? Ndinetu yemwe uja munkandidikirira panjira ya kuchitsime, nsapato mutapolisha."

Sabata yachitatu telala anaulula kwa dokotala kuti madzi aja anawasefa ndi kuwawiritsa. Dokotala sanakalipe. Anangovula magalasi, n'kupukusa mutu.

"Ine ndinapempha madzi, bambo. Ulemu mukanasunga kunyumba."

Tsiku lomwelo telala anathamangira kungalande kuja. Anatunga madzi akuda aja, nawafungatira m'basi, anthu akutseka mphuno ndi kumunyogodola. Iye sanawamve n'komwe. M'madzi amenewo kachilombo kaja kanapezeka, ndipo kanagwira ntchito yake. Nangondo anachira. Koma m'masabata atatu aja matenda anali atadya fupa, ndipo mwendo anaudula pansi pa bondo.

Anabwerera kwawo. Dimba lija analima ena. Nangondo ankakhala pamkeka pafupi ndi makina, ndodo zake zili pambali, akusoka mabatani. Kukabwera mlendo ankanena monyadira:

"Mwamuna wanga uyu, waukhondo chonchi, ananyamula madzi onunkha m'basi chifukwa cha ine!"

Telala ankangowerama, n'kumapalasa makina ndi mapazi ake awiri. Za botolo loyamba lija sanamuuze mpaka imvi.

Inu amene mukumva, aliyense wa ife ali ndi ngalande yake kuseri kwa nyumba. Wofuna kukuchiritsani akakutumani kumeneko, tungani momwe zilili. Musasefe, musawiritse. Nthawi zina mankhwala anu amabisala m'chinthu chomwe mukuchita nacho manyazi. Fungo la m'basi limatha mukatsika, koma mwendo sumeranso.