Mtedza wa Nachisale ndi Zipupa Zinayi

Ana inu, dzulo ndidakupatsani ntchito yaing'ono, yoti kalabu yanu yobzala mitengo ilembe cholinga chake ndi masomphenya ake. Nonse mudachita tsinya ngati ndakumwetsani mankhwala owawa. Wina kumbuyoko mpaka adang'ung'udza kuti, "Aphunzitsi, tikudziwa kale zimene tikuchita." Ndidamumva, makutu angawa sadakalambe. Chabwino, tsekani makope. Ndikuuzeni kumene kudachokera mawu ena amene akuluakulu amakonda kunena. Wina akadzakuuzani kuti adachokera kwina musadzakangane naye, ine ndikunena momwe ndidamvera.

Pamudzi wa Katondo padali bambo wina, dzina lawo a Gwedeza. Munthu wabwino ndithu, wosaba, wosatukwana, koma adali ndi nthenda imodzi. Ukangoyamba kuwauza kanthu, usadafike ndi pakati pomwe, ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndadziwa kale." Uwauze kuti mlatho wakokoloka, adziwa kale. Uwauze kuti mbuzi yawo yalowa m'dimba la eni, adziwa kale. Anthu a pamudzipo atapanga gulu lawo, limene adalitcha Dzuka Tiyende, adati munthu wodziwa zonse chonchi ndiye woyenera mpando. Adawasankha kukhala wapampando.

M'gulumo mudalinso mayi wina wamasiye, Nachisale, mlimi wa mtedza. Chaka chimenecho adakolola matumba asanu ndi atatu, koma nkhokwe yake idadyedwa ndi chiswe mpaka kugwa. Kanyumba kake kadali kakang'ono, kodontha. Matumbawo adawasanja pathandala panja, n'kuwaphimba ndi udzu. Mtedza umenewo ndiwo udali zonse kwa iye: mbewu yodzabzala, nsinjiro za ana ake, ndi wotsala wodzasinthanitsa ndi chimanga. Ukanyowa, chaka chake chatha.

Pamsonkhano woyamba Nachisale adakweza dzanja.

"A wapampando, pepani, ndifunseko. Gululi talipangira chiyani kwenikweni? Bwanji tinene m'mawu ochepa, alembi alembe, kuti tonse tizikumbukira?"

A Gwedeza adaseka. "Aa, mayi, zimenezo n'zofunsa? Ndadziwa kale. Gulu ili ndi la chitukuko!"

Eee, m'manjamo! Amayi nthungululu. Alembi adalemba liwu limodzi lokhalo, chitukuko, n'kutseka kope. Nachisale adakhala pansi mwamanyazi, poganiza kuti mwina wosamva ndi iye yekha.

Tsono liwu lakuti chitukuko lili ngati thumba, aliyense amaikamo zake. Nachisale adamva kuti amanga nyumba yosungiramo mbewu. A Zimpita, amene ankagulitsa mchere ndi sopo pamphasa, adamva kuti gulu litsegula okala. Nangondo, mayi wa ana ang'onoang'ono atatu, adamva kuti kubwera sukulu ya mkombaphala. A Chikuse, amene ankalota nkhuku ngakhale masana, adamva kuti ndi khola la nkhuku za mazira. Onse adabwerera kwawo akumwetulira, aliyense akuti anzakewo agwirizana naye.

Pa chinthu chimodzi chokha ndiye adagwirizanadi: pafunika nyumba. Nachisale adali ndi uvuni wa njerwa zimene malemu amuna ake adaumba kuti adzamangire nyumba yabwino. Adazipereka zonse ku gulu, mtima uli mbee, pakuti ankati mvula isadagwe mtedza wake ukhala uli pouma.

A Gwedeza adagawa ntchito. Zipupa zinayi, magulu anayi, gulu lililonse tsiku lake. Chipupa cha kumsewu adapatsa Nachisale ndi anzake. Cha kuseri adapatsa a Zimpita. Cha kum'mawa chidapita kwa Nangondo, cha kumadzulo, choyang'ana kumudzi, kwa a Chikuse. Popeza kunkatentha kwambiri, gulu lililonse likaweruka linkaphimba chipupa chake ndi mikeka ndi udzu, kuti dzuwa lisang'ambe dothi lomangira. Choncho wobwera mawa ankangoona mikeka, osaona zimene mnzake wamanga.

Apa tcherani khutu, chifukwa mpamene padagona nkhani. Nachisale adati nyumba ya mbewu siyang'ana kumsewu, akuba angaone zimene zili m'kati, khomo liyenera kukhala kuseri. Adamanga chipupa chake chonse, osasiya mpata. A Zimpita adati okala iyang'ana kumsewu kumene kumadutsa ogula, kuseri kuno khomo n'lachiyani? Adatseka. Nangondo adati ana azidzachokera kumudzi, ndiye khomo lili kumadzulo. Adatseka kum'mawa. A Chikuse adati nkhuku zimafuna kadzuwa ka m'mawa, khomo lili kum'mawa basi. Adatseka kumadzulo. Aliyense adaganiza bwino, ana inu. Palibe chitsiru pamenepa ngakhale mmodzi.

Zizindikiro zidalipo, koma anthu ankazipondereza. Tsiku lina a Zimpita adakumana ndi a Chikuse panjira.

"Achimwene, mashelefu tidzakhoma liti?" adafunsa a Zimpita.

"Mashelefu? Mukunena zisa zoikiramo mazira?"

"Mazira tidzagulitsanso, inde."

"Eya, ndiye tikunena chimodzimodzi," adatero a Chikuse. Adasiyana aliyense akukanda m'mutu, koma osafuna kuoneka wotsalira.

Nangondo naye adafunsa Nachisale kuchitsime ngati m'katimo mudzakwane makumi atatu. Nachisale adati, "Makumi atatu okha? Mukasanja bwino, wina pamwamba pa mnzake, mpaka zana alowa." Nangondo adatula ndowa pansi. Ana kusanjikiza? Adafuna kufunsa, koma adati mwina Nachisale akungoseka.

Mmisiri wofolera denga, amene adachokera kumudzi wina, ndiye adayesa kunena. Ali pamwamba adasuzumira m'kati n'kufuula kuti, "A wapampando, m'nyumba yanuyi ndaonamo zachilendo. Kodi polowera..."

"Ndadziwa kale," adatero a Gwedeza, dzanja m'mwamba. "Inu folerani."

Mmisiriyo adati eni ake adziwa, adafolera, adatsika, adapita kwawo.

Adagwirizana kuti mikeka adzaichotsa Loweruka, pamwambo wotsegulira. Koma mvula siifunsa kuti mwambo wanu uli liti. Lachinayi masana kudada kum'mawa, mphepo idayamba kunyamula zinyalala. Nachisale adathamanga khomo ndi khomo kupempha anthu amuthandize. Adakweza matumba onse asanu ndi atatu pangolo, udzu wophimba uja n'kuusiya pathandala. Akufika pa nyumba ya gulu, madontho oyamba adali atayamba.

"Kuseri! Pitani nayo kuseri ngoloyo!" adafuula Nachisale.

Adakanganula mikeka ya kuseri. Njerwa zokhazokha.

"Mayi, mwasokonezeka? Khomo lili kumsewu," adatero a Zimpita.

"Kumsewu ndamanga ndine, kulibe khomo!"

"Mwatseka khomo la okala?"

"Okala yake iti?"

Nangondo adafika akuthamanga, mwana kumsana. "Bwerani kuno kumadzulo, inu!" Ngolo idazungulira. Adachotsa mikeka. Njerwa. A Chikuse adati anthu inu simumva, n'kutsogolera ngolo kum'mawa. Njerwa. Mvula tsopano idali itatsika yeniyeni, ya matalala. Koma anthuwo adazungulirabe kachiwiri, ena mpaka kachitatu, akupapasa zipupa ndi manja ngati khomo labisala penapake.

"Nanga ana azidzalowera pati?" adafunsa Nangondo.

"Ana? M'khola la nkhuku?" adatero a Chikuse.

"Khola? Njerwa za malemu amuna anga ndamangira nkhuku?"

Onse adatembenukira kwa a Gwedeza, amene adaima poteropo madzi akutsika m'chipewa.

"A wapampando, tiuzeni. Nyumba iyi ndi yachiyani?"

A Gwedeza adanena motsitsa mawu kuti, "Ine ndimati inuyo mukudziwa."

Mukuseka? Sekani, nanenso ndidaseka nditamva koyamba. Koma kumbukirani kuti nthawi yonseyi matumba aja ali pangolo, pamvula. Wina adabwera ndi piki kuti agumule, ndiye mkangano udabuka wa chipupa choti agumule. A Zimpita akuti kumsewu, a Chikuse akuti kum'mawa, Nangondo akuti kumadzulo. Nachisale adalanda pikiyo n'kuyamba kugumula chipupa chimene adayandikana nacho, cha kumsewu, chomwe adamanga yekha ndi manja ake. Ankamenya akulira. Pamene bowo lidakula moti thumba n'kulowa, madzi adali akuchucha m'matumba onse.

Akadakhala kuti m'mawa mwake kudawala, bwenzi mtedzawo atauyanika. Koma kudagwa mvumbi wa masiku anayi. M'nyumba yopanda zenera ija mtedza udafunda, wina udamera, wina udachita chuku. Pa matumba asanu ndi atatu adapulumutsapo lichero limodzi. Chaka chimenecho munda wa Nachisale wa mtedza udagonera, ndipo ana ake adadya ndiwo zopanda nsinjiro mpaka kukolola kwina. Zimandimvetsa chisoni mpaka lero, chifukwa mayi ameneyu ndi yekhayo amene adafunsa funso loyenera. Cholakwa chake chidali chimodzi: adafunsa kamodzi, atasekedwa n'kukhala chete.

Mvumbi utatha adaitanitsa msonkhano, pafupi ndi bowo lija. Nachisale adaimirira, maso ali otupa.

"Ndifunsanso funso langa lija. Gululi talipangira chiyani?"

Dzanja la a Gwedeza lidayamba kukwera lokha, mwachizolowezi. "Ndadz..." Adalibweza, n'kuliika pabondo. "Sindikudziwa, mayi. Tiyeni tikambirane."

Adakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sikudali kophweka. A Zimpita adaumirira okala, a Chikuse adanyanyala kawiri n'kubwereranso. Koma aliyense akayang'ana mulu wa mtedza wowola umene udatayidwa pambali, mawu ankachepa. Pomaliza adagwirizana, alembi adalemba ndi makala pathabwa mizere iwiri.

Woyamba udati: Tasonkhana kuti mbewu ya aliyense ifike nthawi yobzala ili youma. Chimenecho ndicho cholinga, ntchito imene gulu lilipo kuti lizigwira lero ndi mawa.

Wachiwiri udati: Tikufuna Katondo wopanda munda wogonera chifukwa chosowa mbewu. Amenewo ndiwo masomphenya, kumene gulu likufuna kukafika ngakhale kuli kutali. Mzere umenewu adaunena ndi Nachisale, akuyang'ana kumene kudali munda wake.

Mizere iwiri yokhayo idayankha mafunso amene adawazunguza miyezi itatu. Khomo likhale kuti? Kuseri, chifukwa ndi nyumba ya mbewu. Mazenera? Ang'onoang'ono, m'mwamba, olowetsa mphepo. Nkhuku? Ayi, zingadye mbewu. A Chikuse adadandaula, koma adadziwa chifukwa chake, ndipo khola adakamanga kwawo. Bowo la kumsewu adalitseka ndi njerwa zina zosiyana mtundu, moti chigambacho chinkaonekera patali. Thabwa lija adalikhoma pamwamba pa chigambacho.

Alendo odutsa pamsewu akafunsa za chigambacho, anthu a pa Katondo ankayankha kuti, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Mawuwo adayenda mudzi ndi mudzi mpaka adasanduka mwambi.

Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wokana kufunsa ndi kuuzidwa, poganiza kuti akudziwa, amagwira ntchito yolemetsa koma yopanda phindu. Pagulu ndiye zimaposa, chifukwa anthu khumi akhoza kukhetsa thukuta limodzi, aliyense akumanga nyumba yakeyake m'mutu mwake. Cholinga chimene sichidanenedwe poyera ndi kulembedwa, aliyense amachidziwa mwa njira yake.

Tsono iwe wa kumbuyo uja, amene ukudziwa kale: mitengo mukubzalayi ndi ya nkhuni, ya zipatso, ya mthunzi, kapena yotchinga mphepo imene idasasula denga la kalasi yachitatu? Usandiyankhe ine. Lemba yankho lako pakapepala, mnzakoyo alembenso lake osaonera, kenaka musinthane. Mukapeza kuti mwalemba zosiyana, thokozani kuti mwazindikira mvula isadagwe. Nachisale adazindikira matumba ali kale pangolo.