Chikhululuko Chimene Sichinasungidwe

Panali munthu wina wodziwa makompyuta amene ankalemba mbiri ya bambo ake. Bambowo ankayankhula, iye n'kumataipa. Ankagwiritsa ntchito pulogalamu yomwe tikuphunzira munoyi, ija imakumbukira kusintha kulikonse kwa fayilo, bola uiuze kuti isunge. Ntchitoyo anaigawa nthambi ziwiri. Ina inali ya mawu a bambo monga ankatulukira pakamwa. Ina inali yosesedwa bwino, yodzawerenga pagulu.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake amene anagulitsa ng'ombe za pakhomo n'kuthawira ku Joni. M'nthambi yoyamba bambo anati, "Ameneyo si mwana wanga." M'nthambi yosesedwa dzina lake munalibe n'komwe.

Bambo aja atagonekedwa m'chipatala, anaitana mwana wamkuluyo.

"Tsegula chinthu chakocho, ufufute ndime ija."

Ndiye anayankhula nthawi yaitali, mopumira, za mwana wothawayo. Ananena mmene ankamukwezera pa njinga ali wamng'ono, ndi mmene ankakamudikirira pa siteji ya basi Khirisimasi iliyonse osauza munthu. Anamaliza ndi kumukhululukira. Mkuluyo anataipa zonse, koma ng'ombe zija zinkamuwawabe mumtima. Sanauze pulogalamu kuti isunge.

Bambo anamwalira. Akuluakulu anafuna mbiri ya malemu yoti iwerengedwe pamaliro. Munthu uja anati asamukire ku nthambi yosesedwa ija, koma pulogalamu inakana. Inati pali mawu atsopano osasungidwa. Njira zake ankazidziwa bwino lomwe: kusunga kaye, kunyamula mawuwo kupita nawo, kapena kukakamiza kuti zatsopano zitayike, fayilo ibwerere mmene inalili.

Musamuikire kumbuyo kuti anali pa changu, ayi. Anasuzumira pawindo, n'kuona mng'ono wake akutsika galimoto atavala suti, amayi akumulandira ndi misozi. Mkuluyo anakakamiza.

Pamaliro panawerengedwa kuti malemu asiya mwana mmodzi. Wamng'onoyo anangowerama.

Atachoka kumanda, anatsata mkulu wake kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, sanandisiyireko mawu? Ngakhale pang'ono chabe?"

Mkwiyo wa mkuluyo unathera pomwepo. Anatsegula kompyuta n'kufufuza nthambi zonse. Mawu aukali aja analimo, osungidwa bwino, tsiku lake ndi ola lake. A m'chipatala aja munalibe. Anayesa kuwakumbukira, koma paja ankataipa mtima uli kwina.

"Anakukhululukira, ndinamva ndekha," anatero.

"Musandipepese ndi bodza, achimwene. Ndamva zimene zawerengedwa."

Anakwera galimoto yake osadikira ngakhale kusesa. Sanabwerenso, ndipo mkulu wake anakalamba ali wachisoni.

Inu mukundimveranu, mumakwiya pulogalamu ikakukanizani, n'kuthamangira kukakamiza ngati kuti yapenga. Siinapenge. Ikukuuzani kuti m'manja mwanu muli chinthu chimene kulibenso kwina. Imabweza zokhazo zimene munaipatsa, zinazo ngakhale mulire bwanji sizibwera. Ndipo ife anthu, ndimamva chisoni kunena, chakukhosi timachisunga mosamala, koma mawu abwino timati tisunga mawa. Musanakakamize, yang'anani kaye zimene mukutaya. Mwina si zanu.