Mpando wa Kutsogolo pa Sadaka ya Malata

A Twaibu Kalonga anafika pakhonde la Shehe Mdoka itangotha swala, pemphero la masana, thukuta lili kamukamu. Anawapeza Shehe atakhala pamkeka, akumata chubu cha njinga yawo. Linali Lachinayi, ndipo Loweruka ndilo linali tsiku loti anthu a pa Ntaja asonkhane kusonkha sadaka.

Mphepo inali itasasula denga la nyumba ya Abiti Jafali, mayi wamasiye wa ana anayi, mvula ili pafupi kugwa. A Twaibu, ogulitsa zipangizo za njinga pamsika, ndiwo anaitenga nkhaniyi ngati yawo. Milungu iwiri sanakhale pansi. Bwalo la sukulu anapempha okha, chimkuzamawu anabwereka, gulu loimba ndi kuvina sikiri anaitana, amayi okazinga mandasi ogulitsa patsikulo anawapeza. Anali munthu wamtima wabwino, tisawanamizire, kungoti ubwino wawo unali waphokoso.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu. Khalani pansi, a Kalonga."

Anakhala, koma maso anali kumitambo yomwe inkadera chakumapiri.

"Shehe, ndabwera ndi dandaulo. Mayi tikuwathandizawa akufuna kutiwonongera mwambo. Ndawakonzera mpando kutsogolo, pafupi ndi lichero loponyamo ndalama, kuti akhalepo ndi ana awo anthu aziwaona. Ndinati afotokoze okha pa chimkuzamawu momwe akugonera masiku ano. Akana! Akuti bola mvula iwanyowetse. Ine kuvutika konseku, iwo n'kumanyada?"

"Ndiye mukufuna ndichitepo chiyani?" anafunsa Shehe, uku akupaka guluu pachigamba.

"Mukawalankhule. Inu sangakukanireni. Anthu a pano ndimawadziwa, Shehe, sapisa m'thumba asanaone misozi. Mpando uja ukakhala wopanda munthu, malata sagulika, ndipo ana aja agona pamvula."

Shehe sanawatsutse, pakuti zinali zoona. Anamata chigamba chija n'kuchipanikiza ndi chala. A Twaibu anaimirira, anakhalanso. Foni inalira m'thumba, anaizimitsa. Mumtima ankangoti nkhalambayi ikutaya nthawi ndi chubu chakale pomwe iwo akanatha kuipatsa chatsopano ulele.

"A Kalonga, mundilole ndikuuzeni kanthu," anatero Shehe. "Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anthu abwino ngati inu anasonkhana, natikhazika kutsogolo, ine ndi mayi anga. Anatipatsa bulangeti ndi thumba la chimanga, Allah awalipire. Chimangacho chinatha mwezi womwewo, bulangeti linang'ambika kalekale. Koma chimene sichinathe ndi ichi: mayi anayang'ana zala za kumapazi kwawo kuyambira pa duwa, pemphero lotsegulira, mpaka anthu kubalalika. Chaka chonsecho ankatuma anzawo kumsika, poopa kukumana ndi maso a anthu omwe anawathandiza."

A Twaibu anawerama. Manyazi anawagwira kwambiri, chifukwa anakumbukira kuti dzulo lake Abiti Jafali pokana paja ankayang'ananso pansi chimodzimodzi. Koma mitambo inali pompaja, ndipo nyumba inali ikadali yopanda denga.

"Ndamva, Shehe, ndipo ndalakwa. Koma nanga malata? Ndichotse mpando, anthu apereke akuona chiyani?"

"Mpandowo musauchotse," anayankha Shehe. "Loweruka ndikhalapo ndine, lichero lili pamiyendo. Mulengeze kuti Shehe Mdoka akupempha malata. Mayiwo akhale kwawo ndi ana awo, ndipo dzina lawo lisamveke pa chimkuzamawu."

A Twaibu anadzidzimuka. "Inu, Shehe? Mphunzitsi wathu kukhala pampando wa opempha, ana omwe mumawaphunzitsa kumadrasa akuona? Nanga ulemu wanu?"

Shehe anaika chubu chija pambali n'kuwayang'ana mofatsa.

"Mayi aja mphepo yawalanda denga, chomwe atsala nacho ndi ulemu wawo. Ife tikawalanda umenewo n'kuwapatsa malata, ndiye kuti malatawo tawagulitsa, sitinapereke sadaka. Za ine musade nkhawa, a Kalonga. Mpando umenewo ndinaukhalapo kale, ndikuudziwa kuwawa kwake."