Singano yomwe a Telala ankaithawa

A Telala anali munthu wa singano. Pashopu pawo ankaluma mapini pakamwa uku akucheza, ndipo singano ikawabaya chala ankangoyamwa magaziwo n'kupitiriza kusoka. Koma tsiku limene adokotala anawauza kuti mapiritsi a shuga sakukwaniranso, ayambe kudzibaya jakisoni kamodzi pa mlungu, mwamuna uja anafota ngati masamba a dzulo. Namwino atayamba kuwaonetsa kabayidwe kake, iwo anati, "Ndikudziwa kale, mayi, singano ndi ntchito yanga." Anatenga mankhwalawo osawayang'ana n'komwe.

Kunyumba ndiye kunali sewero. Tsiku lobaya likafika ankalowa kubafa, n'kutseka chitseko, n'kukuwa kuti "Mayo ine!" kenako n'kutuluka akutsimphina. Munthu wobaya pamimba kutsimphina mwendo! Akazi awo ankawamvera chisoni mpaka kuwapangira tiyi wopanda shuga, osadziwa kuti mankhwala akubwerera m'firiji osakhudzidwa.

Koma thupi silinamizika. Ludzu linakula, ulendo wakuchimbudzi sunathe, ndipo maso anayamba kuchita chifunga. Izi zinafika pa nthawi yoipa, chifukwa mwana wawo wamkazi, mzime, anali pafupi kukwatiwa, ndipo a Telala anali atalumbira kuti diresi la mwana wawo silisokedwa ndi dzanja lina. Tsiku lina mtsikanayo atabwera kushopu kudzayesa, anawapeza akulimbana ndi ulusi, ukukana kulowa pa singano. Dzanja limodzi la diresi linali litasokedwa chakunja.

"Ababa, maso anuwa bwanji? Jakisoni uja sakugwira ntchito?"

A Telala anapitiriza kulimbana ndi ulusi uja. Akazi awo, amene anawabweretsera chakudya, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anathamangira kunyumba. Anabwerako ndi bokosi la mankhwala, lomata bwinobwino monga linachokera kuchipatala.

"Bambo inu, ndiye mumalira chiyani kubafa kuja?"

"Ndimayeserera," anatero a Telala chapansipansi.

Mayi aja anaseka mpaka kukhala pansi, koma mwana sanaseke. "Ababa, diresi ndikhoza kubwereka. Koma wondigwira dzanja tsiku limenelo ndikabwereka kuti? Ndikufuna mudzandione ndi maso anu."

Mawu amenewo anawalasa mtima, ndipo anachita manyazi osaneneka. M'mawa mwake onse atatu anali kwa namwino. Iye sanawakalipire. Anatsegula kachipangizo kobayira, kooneka ngati cholembera, n'kuwaonetsa singano yake, kanthu kakang'ono ngati nsidze.

"Imeneyi?" anafunsa a Telala. "Yaikulu ija ili kuti?"

"Palibe ina, bambo. Kwezani malaya."

Anatsinzina, anagwira dzanja la akazi awo, anadina. Anadikira ululu, ululu osabwera.

"Mwatha, bambo."

"Zoona? Aa, ndiye udzudzu umaposa!"

Masiku oyamba ankamva kanseru, monga namwino anawachenjezera, koma kanatha. Patapita milungu ingapo shuga anatsika, chifunga chija chinayamba kuchoka, ndipo ulusi unalowa pa singano ulendo umodzi. A Telala anamasula dzanja la diresi lija n'kulisoka mwatsopano akuimba mluzu. Makasitomala anavutika nawo, chifukwa aliyense wobwera ndi thalauza long'ambika ankayamba wamva za kulimba mtima kwawo. Akazi awo akangotsokomola, nkhani inkasintha.

Tsiku la ukwati anayenda ndi mwana wawo atamugwira dzanja, diresi likuchita kuwala, msoko uliwonse akuuona. Misozi inatsika osaibisa. Kenako anavina mpaka jekete linanyowa, anyamata akuwapatsa malo. Atakhala pansi akupuma wefuwefu, akazi awo anawapatsa madzi n'kuwanong'oneza kuti, "Zonsezi mukanaziphonya chifukwa cha kasingano kaja."

A Telala anagwedeza mutu, maso ali pa mwana wawo amene ankaseka pakati pa anthu. Akuluakulu sananame ayi: sunga khosi, mkanda woyera udzavale.