Lenzi Imene Inameza Chigwa

Panali munthu wina, dzina lake Sipiliyano, amene ankasunga miyendo yake ngati zovala za pa Khirisimasi. Sankafuna kuti ithe msanga. Akafuna mchere kugolosale ankadikira wodutsa. Akafuna mthunzi ankadikira kuti mthunziwo umupeze pomwe wakhala.

Malume ake pomwalira anamusiyira zinthu ziwiri: malo omangapo nyumba kutsidya kwa dambo, ndi kamera yojambulira mapiri ndi zigwa. Sinali kamera yamasewera. Inali yolemera ngati mwana wa mbuzi, filimu yake yotakata ngati chikhatho, ndipo pojambula unkaweramira pamwamba pake ngati ukusuzumira m'chitsime, dziko lonse n'kumaoneka pansi pamenepo, lowala, lili phee. Inkaima pa miyendo yake itatu yachitsulo. Sipiliyano ankati miyendo itatuyo ndi yowakwanira onse awiri.

Kamerayo inali ndi malenzi awiri, magalasi aja omangirira kutsogolo. Imodzi inali yaitali, yokoka. Ukaipotoza, phiri linkanyamuka lokha n'kubwera kudzakugwadira. Inayo inali yaifupi, yamakani, yosapotozeka. Inkaonetsa tsamba lililonse ndi mitsempha yake yomwe, koma chinthu chikakhala patali inkachisiya patali pomwepo, ngati ikunena kuti, "Miyendo uli nayo, pita." Imeneyo Sipiliyano anaikulunga m'sokisi n'kuiponya kunsi kwa bedi.

Tsono Sipiliyano anakonda mtsikana wina wosoka zovala pamsika, dzina lake Nasibeko. Mtsikanayo sanafunse za malata kapena za njinga. Anangoti, "Achimwene, ine ndakula ndi ndowa pamutu. Kwathu tinkanyamuka nkhuku zisanatsike, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Khosi langali linapuma pantchito. Ngati mukufuna ndidzakhale kwanu, ndionetseni pomwe mudzamange nyumba, ndione ndekha kuti madzi ali pafupi."

Malo aja Sipiliyano anali asanapondepo. Ankangowaonera pamsewu: chulu, mtengo wa msuku, ndipo kumbuyo kwake phiri lokhala ndi mathithi oyera ngati ulusi. M'mawa wina anakwera kabaza ndi kamera yake, natsika pamsewu pomwepo, patsinde pa mtengo wa mango. Tsiku limenelo anatenga malenzi onse awiri, pakuti nkhani ya ukwati si yocheza.

Anayamba ndi yaifupi ija. Atasuzumira, chulu chinali ngati njere ya mpiru, mathithi ngati tsitsi limodzi la imvi. Kuti chithunzi chidzaze, ankayenera kutsika dambo, kukwera chitunda, n'kukaima pamalo penipenipo. Anayang'ana dambo. Anayang'ana nsapato zake. Lenziyo anaibwezera m'sokisi.

Anamanga yaitali ija napotoza. Ha! Msuku unabwera. Chulu chinabwera. Phiri nalo linabwera chothamanga mpaka kudzatsamira pamsuku, mathithi n'kumagwera kuseri kwa chulu kwenikweniko, moti munthu akanatha kutambasula dzanja ali pakhomo n'kusukusula. Musaganize kuti Sipiliyano ankafuna kunamiza munthu, ayi. Woyamba kukhulupirira chithunzicho anali mwini wake yemweyo. "Malume anali munthu," anatero, nakanikiza batani.

Chithunzi chitatsukidwa, Nasibeko anachiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chokongola moti anachipukuta ndi chala, kuyesa kuti chanyowa. Anavomera, koma anati azakhali ake, amene anamulera, akaone kaye malowo.

Loweruka ananyamuka atatu. Nasibeko anatenga ndowa yatsopano, kapoto, masamba a tiyi, shuga ndi mbatata yophika, kuti akamwe tiyi woyamba ndi madzi a pakhomo pake. Anatsika dambo, anakwera chitunda, Sipiliyano akupuma ngati mvukuto. Anafika. Chulu chinalipo. Msuku unalipo. Phiri lokha ndi limene linali litabwerera kwawo. Linali ukooo, kutali, litafunda nkhungu, ndipo pakati pa chulu ndi phirilo panagona chigwa chachikulu, chakuya, chodzaza minga ndi chitedze, chimene m'chithunzi muja munalibe ngakhale mthunzi wake.

Azakhali anatulutsa chithunzi. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana phiri. "Bambo," anatero, "kodi phirili munachita kubwereka tsiku lojambula, eni ake n'kudzalitenga?"

"Linali pompano, amayi," anatero Sipiliyano, akusuzumira kuseri kwa chulu ngati mwina lagwera kumeneko.

Nasibeko sanakalipe. Anayala chitenje patsinde pa msuku, anatola tinkhuni, kenako anagwada n'kupereka ndowa kwa Sipiliyano ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Achimwene, madzi aja ali kuseri kwa nyumba. Katungeni, ife tikoleze moto. Tikamwa tiyi dzuwa lisanalowe, ukwati ulipo."

Sipiliyano anayang'ana ndowa, anayang'ana chigwa, anayang'ana Nasibeko. Anavula jekete.

Miyendo imene anaisunga zaka zonse zija anaivala tsiku limenelo. Chigwa chonse chimene lenzi inameza, iye anachiyenda ndi mapazi. Minga inamugwira malaya ngati ikumudziwa. Chitedze chinamulandira ndi manja awiri, moti ankayenda akudzikanda, akuvina gule wopanda ng'oma. Anyani anasiya kudya kuti amuonerere.

Koma anafika. Mathithi aja sanali ulusi konse. Anali mkokomo wogwedeza chifuwa, tinthunzi tozizira tomwe tinkamutera kumaso, ndi utawaleza waung'ono woimirira pamwala ngati ukudikira munthu. Ndele zobiriwira zinali lende pamiyala, dontho lililonse lili ndi kadzuwa kake m'kati. Sipiliyano anaiwala kudzikanda. Anakumbukira lenzi ya m'sokisi ija, mtima n'kumuwawa.

Pobwerera anasenza ndowa pamutu, poti dzanja linali litatopa. Sankadziwa kupanga nkhata. Madzi ankakhavukira kumsana, ankakhavukira pachifuwa, ena anamwetsa minga ija. Anatulukira pachulu dzuwa litakhala kale paphewa la phiri, lofiira, latsala pang'ono kuterereka. Azakhali anasuzumira m'ndowa, ndipo anachita kuipendeketsa kuti aone madzi. Anakwana makapu awiri okha.

Anamwa azakhali. Anamwa Nasibeko, pang'onopang'ono, akuuzira. Sipiliyano anapatsidwa mbatata youma kukhosi.

Atatsitsa kapu, Nasibeko anayang'ana dzuwa, linali likadalipo kachidutswa. Anayang'ana mwamunayo, wonyowa, wotupa, wopanda nsapato imodzi. Anaseka mpaka misozi. "Ukwati ulipo, achimwene," anatero. "Koma ndowayo ndi yanu. Za khosi langa ndinakuuzani kale."

Nyumba anamangadi pomwepo. Ndipo m'mawa uliwonse anthu ankaona mwamuna akutsika chigwa, ndowa pamutu, nkhata yopindidwa bwino, kamera kumsana. Lenzi yaifupi ija inali itatuluka m'sokisi. Yaitaliyo ankaitenga pokhapokha akafuna kujambula chiwombankhanga pathanthwe, pomwe miyendo ya munthu siingafike.

Tsono anzanga, tandimasulirani ndagi iyi: n'chiyani chimene chimakubweretsera phiri, koma njira yake n'kuibisa m'thumba? Lenzi yokoka ija sinaname. Chulu chinalipo, msuku unalipo, mathithi analipo. Inangomeza zapakati, ndipo zapakatizo ndi zimene munthu amayenda. Ngati mukufuna kungoona chinthu, kokani, chibwere, musirire. Koma ngati mukufuna kudzakhala nacho, kaya ndi malo, kaya ndi sukulu ya kutali imene mumailota, kaya ndi munthu amene mwangomuona patali akumwetulira, sankhani lenzi imene ingakutumeni kuti mukafike. Mukapanda kuyenda chigwacho musanalonjeze, mudzachiyenda mutalonjeza, ndowa ili pamutu.